Tiyi wa M'mabotolo

Anthu a kuno kwa Nchilamwela akamakumbuka chaka chija amati chaka cha kalongonda, chifukwa tinadya kalongonda mpaka kumulota. Ena amati chaka cha kolera. Ine zonsezo ndimangovomera, koma kwa ine chinali chaka chimene ndinachotsedwa ntchito pa esiteti m'mwezi umene munthu wanzeru zake sachotsedwa ntchito. Ndinenetu poyamba pomwe kuti sindinabe kanthu ndipo sindinatukwane bwana aliyense.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino ndithu, ndipo tonse tinathamangira kubzala ngati pali mpikisano. Kamunda kanga ndi kaja koti ukaima pakati n'kutsokomola, eni minda ya mbali zonse amakupatsa pepani. Malo ali ndi tiyi. Iye ndiye watambalala kuyambira pamsewu mpaka kumene maso alekezera, ife tinapanikizana m'mphepete mwake ndi chimanga chathu, nandolo ndi kalongonda wa m'malire. Nthochi zimene zinkatipulumutsa kale zinatha ndi matenda a chisaka.

Bambo a ana anga anali atapita ku Joni, ndipo foni yawo inasiya kugwira chaka chisanathe. Ndinatsala ndi atsikana awiri, Dolika ndi mng'ono wake Mwai. Tsono tiyi atayamba kuphuka, esiteti n'kuyamba kulemba anthu a sizoni, ndinakafola nawo pa ofesi. Ndinachita mwayi. Anzanga anapatsidwa madengu, ine ndinapatsidwa mgolo.

Ntchito ya mgolo ndi iyi. Otchola akamaweramira tiyi kuyambira m'mawa, pamafunika munthu pa shedi yoyezera masamba woti awaphikire tiyi wakumwa masana. Ndinkatunga madzi kukhwawa la kumunsi kwa shedi, ndowa ndi ndowa mpaka mgolo kudzaza, n'kusonkha moto. Madzi akawira ndinkathiramo masamba ndi shuga amene a kapitawo athu, a Namakhwa, ankandiyezera m'mawa uliwonse. Belu likalira anthu ankabwera ndi makapu awo.

Panali luso limodzi limene anandiphunzitsa mayi amene ankagwira mgolo ine ndisanabwere, ndipo m'mashedi onse ankachita chimodzimodzi. Timati kuthirira. Mgolo ukafika pakati, moto utazima kale, anthu akadalipo pamzere, umatenga ndowa ziwiri za madzi a kukhwawa n'kukhuthuliramo. Tiyi amachuluka, amazizira, ndipo wotchola amamwa mwachangu n'kubwerera kumunda, pakuti malipiro ake ali pa makilo, osati pa kuuzira kapu. Palibe ankaona cholakwika. Tinkati tiyi ndi tiyi, chimene chalowa mu mgolo chapsa basi.

Disembala

Dzuwa linabwerera ngati laiwala kanthu. Masabata atatu kumwamba kuli mbee, chimanga cha m'mawondo chinapota masamba, kenako chinagona. Tinabzalanso ndi mbewu yopempha. Pamsika wa Bvumbwe ogulitsa chimanga anasiya kutchula mtengo wa ndowa, ankangotchula wa kambale, ndipo kambaleko kankachepa sabata ndi sabata pamene mtengo ukukwera. Kunamveka kuti kukubwera chimanga cha chithandizo. Mayina analembedwa kawiri, ine ndinalembetsa kawiri konseko, koma galimoto yake inasochera kwina.

M'mwezi umenewu ndi m'mene mabotolo anayambira. Woyamba anali Elube, mnzanga wa kukwaya, wotchola wa manja othamanga kuposa amuna. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Tiyamike, wa zaka zitatu. Tsiku lina anatulutsa kabotolo ka pulasitiki m'chitenje n'kundinong'oneza.

"Amake Dolika, tandithirireniko pang'ono. Tiya wanga akagone ndi kashuga m'mimba."

Ndinamuthirira. Sabata lisanathe aliyense anali ndi botolo lake. A Namakhwa sanaletse, nawonso ndi munthu wobala, koma anaika lamulo: makapu choyamba, mabotolo pambuyo. Ndiye kuti mabotolo ankadzazidwa nditathirira kale, masiku ena ndowa zitatu, tiyi ali wofunda ngati madzi osambitsira khanda. Ankakhala pamthunzi masana onse, madzulo n'kupita kwa ana. Langa botolo ndinkadzaza poyamba penipeni, tiyi akuwira, belu lisanalire. Ndani angakhale pafupi ndi mgolo n'kukafolanso pamzere?

Khirisimasi tinadya kalongonda. Amene si a kuno sadziwa kuti nyemba imeneyi ndi yamwano. Ukaiphika mwachidule imakuzunguza mutu, ukhoza kusanza mpaka kukomoka. Timaiwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso. Mlomwe ngakhale njala itamuwawa bwanji, kalongonda sachita naye changu.

Januwale

Walira mvula walira matope. Mvula imene tinkaipempherera inabwera yonse pakamodzi, masiku asanu osapuma. Mizere inakokoloka. Ku malaini, kumene kuli nyumba za antchito pamwamba pa khwawa lathu lija, zimbudzi zinasefukira, zina zinagumukiratu. Khwawa linafiira masiku awiri, kenako linayera, ifenso tinati layera.

Matenda tinayamba kuwamva kwa Changata, kenako anafika pakhomo. Munthu ankatsegula m'mimba zamadzi zokhazokha zonga zotsukira mpunga, maso kulowa m'kati, tsiku limodzi wapita. Mphekesera nazo sizinachedwe. Ena amati ogulitsa ufa akuthiramo laimu. Ena amati ndi kalongonda wosapsa. Ena anayamba kutchula dzina la nkhalamba ina imene mlandu wake unali kukhala yokha basi.

Kenako pa shedi panabwera mlangizi wa zaumoyo, mtsikana wa ku Rumphi dzina lake a Gondwe, atavala magambuti aakulu kuposa miyendo yake. Anaima pafupi ndi sikelo anthu akufola.

"Madzi kuyera si kukhala abwino," anatero. "Muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tochokera m'chimbudzi cha munthu wodwala. Tikalowa m'mimba mwanu ndi kolera ameneyu. Muziwiritsa madzi, kapena muzithira kololini uyu ndabweretsa."

"Tosaoneka ndi maso inu munationa bwanji, achemwali?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Mlangiziyo sanakwiye. Anasuzumira mu mgolo wanga, n'kupeza ukubwata.

"Amayi awa ndiye akuchita bwino. Tengerani kwa iwowa."

Ndinamva kukoma, ndisaname. Anakwera njinga yake n'kumapita ku shedi ina, ndipo asanafike n'komwe pamsewu ine ndinali nditathirira ndowa zanga ziwiri.

Elube yekha sanaseke tsiku limenelo. Anayamba kuwiritsa chilichonse kunyumba kwake. Nkhuni zitamuthera anagwetsa mpanda wa bafa n'kusonkhera. Koma Lachinayi lina Tiyamike anayamba kutsegula m'mimba, ndipo Lachisanu m'mawa anamwalira ali kumbuyo kwa mayi ake, pa njinga ya kabaza, tenti ya odwala kolera ikuoneka poteropo.

Maliro a kolera ndi ouma. Thupi sasambitsa, chakudya saphika, oika ndi anthu ovala magolovesi, dzuwa lisanapendeke zonse zatha. Pobwerera kumanda ndinamugwira Elube dzanja. Analankhula chapansipansi, osandiyang'ana.

"Ndinawiritsa zonse, amake Dolika. Ngakhale madzi otsukira kapu yake. Chimene sindinawiritse ndi tiyi wanu yekha, poti ndi wophika kale."

Sankandinena ayi, ankangodabwa. Koma ine ndinakumbukira ndowa zanga zothirira zija pomwepo. M'mawa mwake ndinapita ku tenti kukafuna a Gondwe, ndipo ndinafunsa ngati ndikufunsira munthu wina.

"Kodi madzi a kukhwawa akalowa mu tiyi wofunda, tizilombo tanu tija timafa?"

Anandiyankha mosabisa. "Ngati sanawirenso, sitifa. Ndipo mu botolo la shuga lofunda, lokhala masana onse, ndi m'mene timachulukana. Sindinganene kuti mwana wakuti anadwala ndi chakuti, mwana amagwira zambiri. Koma munthu amene mukumufunsirayo mukamuuze asiye lero."

Febuluwale

Ndinasiya kuthirira, ndipo nkhondo inayamba tsiku lomwelo. Mgolo unkatha makapu akangotha, mabotolo onse ali gwa, opanda kanthu. Ndinayesa kuwiritsa kachiwiri, koma nkhuni za bulugamu zinali zonyowa, zongolira utsi, ndipo madzi asanatenthe n'komwe belu lobwerera kumunda linali litalira. Ndinapempha a Namakhwa mgolo wachiwiri.

"Ndikapempha ku ofesi andifunsa kuti umodzi ukuchepa bwanji chaka chino," anatero. "Abwera kudzaona, apeza mabotolo, aletsa. Mukufuna zimenezo?"

Sindinkafuna zimenezo. Febuluwale ndi mwezi umene ngakhale galu amasiya kuuwa. Madeya ankagulitsidwa ngati ufa, mango anali atatha, ena ankakumba zitsa za nthochi. Ndinkadziwa nyumba zimene botolo lija linali chakudya chokhacho cha madzulo. Anthu amene ndinkaimba nawo kwaya anayamba kundilankhula mokuluwika. Ati amake Dolika ayamba udokotala. Ati shuga akumupititsa kwawo. Amene ankadandaula kuti tiyi akuwotcha milomo ndiye anali aulemu.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. "Ndani mwa inu anayamba wapakulirapo ana kalongonda wosapsa chifukwa choti ali ndi njala?" ndinawafunsa. "Si mumadikira mpaka madzulo ana akulira?"

"Kalongonda timamudziwa," anayankha mayi wina. "Zanuzo ndi za a ku Rumphi. Makolo athu anamwa khwawa lomweli chichokereni ku Mozambiki."

"Makolo athu analibe zimbudzi za malaini pamwamba pake."

Palibe anagonja. Elube nthawi imeneyi anali asanabwerere ku ntchito, ndipo za mawu ake a kumanda aja sindinauze munthu.

Linali Lachitatu pamene a Namakhwa anatopa nane. Makapu atatha munatsala tiyi pang'ono pansi pa mgolo, ndipo amayi anali ataima ndi mabotolo awo, osachoka. A kapitawo anatsikira okha kukhwawa n'kubwera ndi ndowa ziwiri.

"A kapitawo, mukathira nditaya," ndinatero.

"Amake Dolika, anthu awa ali ndi ana."

"N'chifukwa chake ndikunena."

Anathira. Ndowa yoyamba, yachiwiri, n'kuvundula ndi chikombe changa chomwe. Amayi anasendera pafupi, zitsekero za mabotolo zili m'manja. Ndinatola mtengo wa bulugamu umene ndinkasonkhezera moto, ndinaulowetsa pansi pa mgolo n'kukanikiza ndi thupi langa lonse. Mgolo unapendekeka n'kugwa. Tiyi anayenderera pa dothi mpaka pansi pa sikelo.

Kenako mayi wina, wa ana anayi, anakhala pansi n'kuyamba kulira, botolo lili pamiyendo. Nkhope yake sindidzaiiwala. Ndinamana ana ake chakudya cha tsiku limenelo, ndikudziwa, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Koma mtengo uja ndikanaugwirabe.

Ku ofesi a manijala, bambo wa ku Lilongwe, anamvetsera a Namakhwa maso ali pa kompyuta. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu.

"Madzi amene timathirira ndi a kukhwawa, osawiritsa, ndipo kunja kuno kuli kolera. Mgolo umodzi sukwana, bwana."

"Zaka zonsezi umakwana. Chasintha n'chiyani?"

Ndinaona a Namakhwa akuyang'ana pansi. Za mabotolo sindinatchule. A manijala anati kuwononga katundu wa kampani ndi mlandu wochotsa munthu pompo, ndipo akalaliki anadula dzina langa ndi rula.

Malichi

Ganyu m'Malichi kulibe, pakuti amene angakulembe nayenso akufuna ganyu. Nkhuku zinapita, kenako wailesi. Tinkadya nkhwani wopanda nsinjiro ndi maungu anthete amene sanayenere kuthyoledwa. Dolika anachita chizungulire pa asembule, aphunzitsi n'kumubweza, ndipo anakhala pakhomo masabata atatu. Mwai anasiya kufunsa za botolo. Kumeneko ndiye kunandipweteka koposa, kusiya kufunsako.

Kumjigo amayi ankandipatsa moni wa pakamwa pokha. Kutchalitchi benchi yanga inakula mwadzidzidzi. Ine sindinaweramitse mutu kwa aliyense. Madzi ndinkawiritsabe ndi zinyatsi zotola, ndipo wofuna kuona utsi wanga ankauona.

Munthu mmodzi yekha ndiye ndinkamuzemba. Ndikaona Elube akubwera ndinkakhotera m'tiyi ngati ndili ndi chochita m'menemo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lamulungu lina titaweruka ndinapita kwawo, ndinamupeza atakhala pakhonde akusankha nyemba zochepa m'lichero.

"Elube, ndabwera ndi mawu oipa. Tiyi wa m'mabotolo uja anali wothirira."

"Ndikudziwa. Tonse tinkaona. Inenso ndinakunyamuliranipo ndowa."

"A Gondwe akuti madzi amenewo sapsa. Sakunena kuti ndi amene anatenga Tiya, koma sakunenanso kuti si amenewo. Ndipo pali china. Botolo la ana anga ndinkadzaza ndisanathirire. Sikuti ndinkadziwa kanthu, ndinkangofuna wa shuga wambiri. Koma anga ali moyo. Pepani, achemwali anga."

Manja ake anaima m'lichero. Nkhuku ya aneba inabwera kudzajompha nyemba, iye osaiingitsa.

"Ndiye n'chifukwa chake munagwetsa mgolo," anatero.

"Eya."

"Pitani kaye, amake Dolika. Lero sindingathe kukuyang'anani."

Ndinapita. Sindinkayembekeza kuti andikumbatira, ndipo sanatero. Koma ndinamva pambuyo pake kuti atabwerera ku ntchito, tsiku loyamba lomwe anaima pakati pa mgolo ndi ndowa, ndipo palibe analimba mtima kukankha mayi woferedwa. Ndi iyenso anakaitana a Gondwe, n'kuwauza kuti asabwere belu likamalira, abwere mgolo ukafika pakati. Anabweradi, anaona, ndipo analemba kalata ku ofesi.

Epulo

Mvula inayamba kupuma, tenti inayamba kuchepa anthu. Chimanga chobzala kachiwiri chija chinabereka tizitsononkho tofanana ndi chala, koma chinali chimanga. Tinkakazinga, tinkaphika, tinkapita nacho ku chigayo chisanaume bwinobwino. Mabotolo anatha okha pa shedi, popanda wowaletsa. Dolika anabwerera ku sukulu diresi likumukhwepa. Elube anandipatsa moni kutchalitchi, wa pakamwa, koma anayamba ndi iye.

Ndinakolola tsiku limodzi n'kumaliza dzuwa lisanafike pamutu. Nditayang'ana mulu wake ndinadziwa kuti sutifikitsa Okutobala. Ndinali pabwalo ndikusenda makoko pamene ndinamva odi, ndipo anali a Namakhwa, chipewa chili m'manja. Ndinawapatsa mpando. Tinafunsana za ana, za mvula, za nandolo kuti chaka chino akuoneka bwino.

"Amake Dolika, ndabwera ndi uthenga," anatero. "Ofesi yagula migolo yachiwiri m'mashedi onse. Kuthirira aletsa. Wathu ukufuna munthu, ndipo ntchito yake si ya sizoni ayi, ndi yokhazikika. Ndatchula dzina lanu."

Ntchitoyo ndinaifuna, ndisabise. Ndinaona yunifolomu ya Dolika, ndinaona ufa wa m'Januwale, zonse zinadutsa m'maso mwanga nthawi imodzi.

"Zikomo, a kapitawo."

"Kungoti abwana akuti pakhale kakalata kopepesa. Mizere iwiri basi. Akalaliki alemba, inu kungodinda chala."

"Kalatayo inena kuti ndinalakwa chiyani?"

"Kuti munataya tiyi wa kampani. Ndi mwambo chabe, mayi. Musaumitse mutu, muli ndi ana."

Ndinaika chimanga pansi n'kupukuta manja pa chitenje.

"Ndiye akalaliki alembe ina. Alembe kuti kuyambira Disembala mpaka Januwale ndinkathira madzi a kukhwawa mu tiyi wa ana a anzanga, inu mukuyang'ana, ofesi osafunsa. Imeneyo mubwere nayo, ndidinda zala zonse khumi. Koma ya mgolo uja ayi."

A Namakhwa anatembenuza chipewa chawo kawiri, anayang'ana kamulu ka chimanga changa, anayang'ana Mwai amene anali atakhala pakhomo akutafuna phesi. Kenako anatsanzika mwaulemu, ndipo ndinawaperekeza mpaka pamsewu monga mwa mwambo.

Kalata imeneyo sanailembe, ndipo mgolo wachiwiri anaupereka kwa wina.